Bawuti ya Pijo ya a Karimu

Wapolisi anafika pa njinga m'mawa, ine ndili pansi pa mtengo wa mango pamene ndinkakonzerapo magalimoto, kuseri kwa msika wa Katete. Chinali chaka cha 1986, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti likangotuluka layamba kale kuluma. Anavula chipewa asanatsike n'komwe panjinga. Wapolisi akakuvulira chipewa iwe makanika wa ovololo yong'ambika, dziwa kuti kwagwa zovuta.

"A Mateyo ndinu? Kwabwera uthenga pa wailesi yathu kuchokera ku Vubwi. Mwana wanu Idah watisiya dzulo madzulo. Akuti ndi malungo. Akuti fulumirani."

Sindinalire. Ndinangofunsa ngati chitsiru kuti, "Idah uti?" Ngati kuti ndinali ndi a Idah odzaza nyumba. Ndinali ndi mmodzi yekhayo, woyamba yemweyo, wotsiriza yemweyo.

Idah anakulira pansi pa mango womwewo. Anzake akusewera phada, iye ali chigonere pansi pa galimoto kundipatsira masipanala. Ine chida chija choyezera kulimba kwa bawuti sindinakhalepo nacho, ndinkangochiona m'magalaja a ku Chipata. Sikelo yanga inali Idah. Ndikafika pa bawuti yaikulu ndinkalowetsa paipi ku sipanala, n'kumuitana, iye n'kulendewera kumapeto kwa paipiyo mpaka miyendo itachoka pansi. Akatsika, ndiye kuti yalimba. Anthu ankaseka, koma magalimoto awo ankayenda.

Atakula anakwatiwa ndi Hamisi, mnyamata wa Chisilamu wogulitsa nsalu ku Vubwi, nalowa chipembedzo cha mwamuna wake. Akulu anzanga a mpingo wa Reformed anang'ung'udza mpaka milomo kuuma. Ine ndinawauza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo Hamisi anali munthu. Ndinkapita kukawaona pafupipafupi, chifukwa mnzanga a Karimu, mwini sitolo ya pamsewu, ankapita ku Vubwi kukapikula katundu, ine n'kukhala nawo kutsogolo ngati bwana.

Mkazi wanga Mable atamva, anagwa pakhonde. Amayi a Chigwirizano anathamangira kudzamugwira. Atapeza mawu anayamba kumanga mitolo: zitenje, ufa, nsalu yake yoyera ya mpingo. Ankamanga akumasula, akumanganso.

"Tifika," ankatero. "Ngakhale mawa tifika. Ndani angaike mwana wa eni, eni ake asanafike?"

Kwathu ndi choncho. Maliro amadikira atate, amadikira atsibweni, ngakhale akhale ku Kitwe. Koma a Karimu, amene anali atatseka kale sitolo n'kubwera, ananditengera pambali. Iwo ndi Myao wa ku Mangochi, Msilamu, ndipo anadziwa zimene ife sitinaziganize.

"Achimwene, musandide," anatero motsitsa mawu. "Kwathu womwalira sachedwa kunja. Wagona kale usiku umodzi, ndipo mukuona kutenthaku. Aika lero, ikatha swala ya asiri, pemphero lathu la dzuwa likapendeka. Mukafika isanakwane nthawiyo, akutsegulirani sanda, nsalu yomukulungira, muone nkhope. Mukachedwa mukapeza dothi."

Nkhope ya mwana wanga. Kuyambira pamenepo sindinafunenso china chilichonse pansi pano.

Basi ya ku Chadiza, kumene kumadzera msewu wa ku Vubwi, inali itanyamuka mbandakucha. Masiku amenewo petulo ankasowa ngati sopo, magalimoto ambiri anali pa miyala. Tinatuma anthu kukaima panjira kuti aimitse chilichonse cholowera kumeneko, ndipo chimene chinadutsa ndi ngolo ya ng'ombe. Galimoto yokhala ndi mafuta inali imodzi: Pijo 404 ya a Karimu, bokosi lakalekale lotuwa, lokhala ndi zaka zambiri kuposa ukwati wa anthu ena. Ndipo inali itaima pansi pa mango wanga kuyambira dzulo lake.

Vuto lake linali laling'ono. Kutsogolo kwa injini, pansi, pamakhala pule, kagudumu kamene kamazunguza lamba wa fani ndi pampu ya madzi. Pule imeneyo inali itang'aluka m'mphepete, lamba ankangovuka, injini n'kuwira. Pule ina ndinali nayo, pa injini yakufa imene tinkakhalira pomwa tiyi. Chimene chimagwira pule ku kilanki, chitsulo chozungulira cha m'kati mwa injini, ndi bawuti imodzi yokha. Imodzi!

"Pitani mukauze amake Idah akonzeke," ndinawauza a Karimu. "Iyi ndi ntchito ya kapu imodzi ya tiyi."

Ndinachotsa rediyeta kuti manja apeze malo. Ndinakoleka sipanala, n'kukoka. Injini yonse inangozungulira limodzi ndi sipanalayo, monga zimachitira. Zimenezo sizinandidabwitse. Ndinati a Karimu alowe, aike giya yomaliza, aponde mabuleki ndi mphamvu zonse za nsomba za ku Mangochi zimene anadya ali mwana. Anaponda. Ndinakoka. Galimoto inabuula, kilachi n'kuterereka, bawuti osasuntha ngakhale pang'ono.

Pali njira ina imene timachita tikathedwa nzeru. Umatsamiritsa sipanala ku chitsulo cha galimoto, n'kugunda sitata kamodzi, injini imamasula yokha. Ndinatsamiritsa. A Karimu anapotoza kiyi. Kunangomveka kuti kete, kete.

"A Karimu, batire lija ndinakuuzani chaka chatha kuti mugule?"

"Imalira ndithu, ndi yokankha, achimwene."

"Yokankha! Sitolo yonse ija, batire limodzi kukukanikani?"

Anapita kukabwereka batire kwa mwini chigayo, nalisenza okha pamutu, munthu wamkulu wa ndevu zoyera, kudutsa nalo pakati pa msika. Tinalumikiza. Sitata inagunda mwamphamvu, galimoto yonse n'kudzidzimuka, ndipo sipanala yanga yabwino ija, imene ndinagula dziko lisanalandire ufulu, inatseguka kukamwa n'kuulukira mu fumbi. Bawuti ili phee.

Mthunzi wa mango unali utabwerera kale kutsinde. Ndinathira palafini, ndinathira mafuta a mabuleki, ndinagogoda ndi hamala pamutu pa bawuti kuti dzimbiri ligwedezeke. Kenaka ndinachotsa pulagi imodzi n'kulowetsa chingwe cha khonje m'bowo lake, chambiri, kuti pisitoni ikakwera ipanikizike, injini ileke kuzungulira. Inagwira. Ndinatenga sipanala ya bokosi, n'kulowetsa paipi yanga yaitali, n'kulendewera. A Karimu analendeweranso kumbuyo kwanga. Amuna awiri akuluakulu kulendewera ngati mileme, paipi mpaka kupindika.

Palibe.

Anthu anali atadzaza. Aliyense ku Katete tsiku limenelo anasanduka makanika. Wina akuti thirani kokakola, wina akuti mwina imamasukira kumanja, wina akuti pali mankhwala apa, galimoto ya munthu wa sitolo siyikhala yopanda kanthu. Ndinawathamangitsa ndi hamala m'manja. Mable anali atabwera ndi mitolo yake, atakhala pa tayala lakutha chapatali, amayi awiri atamugwira mapewa. Ankangoyang'ana manja anga, kenaka dzuwa, kenaka manja anga.

Pamenepo ndinayamba kutukwana. Ine mkamwa mwanga simuchedwa, onse amadziwa. Chaka chapitacho a Karimu anali atasiya galimotoyo pa galaja ina ku Chipata ine ndikudwala, ndiye ndinadziwa wolakwa.

"Anyamata a m'tauni aja! Amamanga bawuti ngati akumanga ng'ombe yolusa. Amene anamanga bawuti iyi ndi mfiti, ndikunena ine. Ndipo amene anamuphunzitsa ntchito ndi galu!"

"Achimwene, ku Chipata anangogwira masipuling'i, ndikuganiza," anatero a Karimu. "Dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yake iti? Mwana wanga akumukulunga m'nsalu uko, inu mukundiuza za nkhono?" Ndinamenya paipi ndi hamala mpaka moto kuthetheka. "Manja amene anamanga apa aume! Aume gwa! Asadzagwirenso kanthu mpaka kalekale!"

"Musatemberere tsiku la maliro," anatero a Karimu.

Ndinabwerezanso, mokweza, kuti amve bwino.

Chinatsala ndi moto. Ndinkauzengereza chifukwa petulo ali pafupi, ndipo galimoto ya mnzako siyiseweretsedwa ndi malawi. Koma a Karimu anati, "Yatsani. Ikapsa yapsa." Tinaphimba mapaipi a petulo ndi masaka onyowa. Ndinapopa bulolampu yanga ya palafini mpaka inayamba kulira, n'kuloza lawi pamutu pa bawuti. Girisi anasungunuka, utsi wakuda unakwera. Ndinagwira chomwecho, thukuta likulowa m'maso, chitsulo chikusintha mtundu.

Kenaka panabwera fungo lina. Silinali la oyilo, silinali la dzimbiri. Linali lotsekemera, loboola m'mphuno, fungo losayenera kupezeka pa injini. Ndinalidziwa koma sindinakumbuke kumene ndinalimva.

Mable anaimirira pa tayala paja. Anabwera pang'onopang'ono, iye amene sankayandikira ntchito yanga chikwatiranire.

"Atate a Idah, n'chiyani chikununkhacho?"

"Khalani uko, mupsa."

Ndinazimitsa moto, ndinakoleka sipanala, ndinagwira paipi ndi dzanja limodzi lokha kuti ndiyese. Inalira kuti kwee, n'kubwera. Mofewa, ngati sinakanepo. Anthu anakuwa, wina mpaka kuimba m'manja. Ndinaimasula msangamsanga ndi chiguduli, n'kuitulutsa, n'kuiyang'ana padzuwa kuti ndione dzimbiri limene landizunza chotere.

Dzimbiri panalibe. Kumutu inali yakuda ndi moto, koma mazinga ake onse, mpaka kunsonga, anali ofiira. Kufiira kowala, kwa pa chikondwerero.

"Kyuteksi," anatero Mable. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Ndi kyuteksi wa Idah."

Ndinakumbuka tsikulo nthawi yomweyo, lonse. Unali mlungu woti ukwati wake uchitika. Pijo yomweyi inali pansi pa mango, bawuti yomweyi itamasuka kachiwiri chifukwa cha mabampu a msewu wa ku Vubwi. Ndili pakati pa ntchito anadzanditenga kuti lole yafera ku Sinda itasenza mtedza. Idah anati, "Pitani atate, nditseka ndine." Ndinapita. Sanalinso kamtsikana kopepuka kaja, anali mayi wathunthu wa thupi lake, ndipo ndikumudziwa, analendewera pa paipi ija akuseka, mwina mpaka kudumphadumpha. Ndipo asanamange anapaka mazinga utoto wake wa zikhadabo, umene ukauma umagwira ngati guluu. Chiyambire tsiku limenelo bawutiyo sinamasukenso, ndipo ine ndinaiwala kuti inkavutapo.

Mfiti ija inali Idah. Galu womuphunzitsa ntchito ndinali ine. Ndipo manja amene ndinati aume, anali atauma kale dzulo madzulo.

Mayo ine! Ndinakhala pansi mu fumbi ndi oyilo. Kulira kumene kunakana m'mawa kunabwera pamenepo, pamaso pa msika wonse, ine bawuti yotentha ili m'manja ikundiwotcha, osaitaya. Ndinalira ngati mwana. A Karimu anandisiya pang'ono, kenaka anagwada n'kundigwira phewa.

"Achimwene, dzuwa."

Ndinadzuka. Pule ina inalowa. Bawuti yofiirayo sindinathe kuipala ndi bulashi, manja anakana, ndiye ndinaiika m'thumba n'kumangira ya pa injini yakufa. Ndinasolola chingwe, ndinabwezera pulagi, lamba, rediyeta, madzi. Anthu anakankha, Pijo inatsokomola n'kulira. Koma mthunzi wa mango unali utadutsa kale tsinde, ukuloza kum'mawa.

Za ulendowo ndilibe zambiri zonena. A Karimu anayendetsa ngati mnyamata, iwo amene ankaima kuti nkhuku idutse. Mable anakhala pakati pathu, mitolo kumbuyo. Fumbi linalowa paliponse. Injini sinawire, lamba sanavuke, galimoto inayenda bwino kuposa masiku onse, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri. Titadutsa Chadiza ndinaona a Karimu akuyang'ana dzuwa, milomo ikugwedera. Nthawi ya swala yawo inali itakwana. Sanaime kuti apemphere, anangopondereza mafuta.

"Mwina adikira," anatero Mable. "Hamisi ndi mwana wabwino. Adikira."



Tinalowa m'mudzi dzuwa litakhala pamwamba pa mapiri a ku Mozambique. Tisanafike panyumba tinakumana ndi amuna ambiri atavala tizipewa toyera, akubwera m'kanjira kochokera kuthengo. Anapatuka kuti tidutse. Pakati pawo anyamata anayi anasenza jeneza, chonyamulira maliro chawo chija. Anachisenza ndi dzanja limodzi aliyense, mopepuka, nsalu yobiriwira itapindidwa pamwamba.

A Karimu anazimitsa injini pomwepo.

Hamisi anatuluka m'gulumo, dothi lili m'mawondo ndi m'zikhadabo. Anagwada pafupi ndi chitseko ndisanatsike n'komwe.

"Atate, tinadikira. Mulungu ndi mboni, tinadikira. Swala itatha ndinapempha ashehe, anavomera. Ndinapemphanso, anavomeranso. Nkhope ndinaisiya yosaphimba chifukwa cha inu. Kukamveka chilichonse chonga injini ndinkathamangira kumsewu. Koma kutenthaku, atate, ndipo dzuwa linkapita. Tangomaliza kumene."

Ndinafuna munthu woti ndimukalipire. Ndinayang'ana Hamisi, ndinayang'ana ashehe, nkhalamba yofatsa imene inagwira dzanja langa ndi manja awiri, ndinayang'ana a Karimu. Panalibe. Aliyense anachita zimene akanatha, ndipo zimenezo sizinandithandize kanthu.

Amayi a pamudzi anamutenga Mable kupita naye kunyumba, chifukwa kumeneko akazi sapita kumanda tsiku loika. Ine Hamisi ananditsogolera. Manda anali pansi pa mitengo ya masuku, mulu wa dothi lofiira, lonyowa ndi madzi amene anawaza, mapazi a anthu akuonekabe m'mbali. Ndinachedwa ndi kanthawi kongokwanira kumwa kapu ya tiyi.

Ndinagwada. Ndimafuna kupemphera koma mapemphero onse a mpingo anandithawa. Ndinangoika dzanja pa dothi, cha kumene ndinaganiza kuti kuli manja ake.

"Idah, ndine. Ndabwera. Mawu aja ndabweza, wamva? Sindinadziwe kuti ndiwe. Unamanga bwino, mwanangu. Unamanga bwino kwambiri."

Nditabwerera ndinamupeza Mable atakhala pakhonde la nyumba ya mwana wathu, atatambasula miyendo, mitolo yake ili pambali yosamasula. Pa chingwe panali chitenje chimene tinamugulira Idah chaka chatha, chochapidwa, palibe anakumbuka kuchichotsa. Ndinakhala pafupi naye. Sanandifunse za kumanda.

"Ndipatseni," anatero.

Ndinatulutsa bawuti ija. Anaitembenuza m'manja, akusisita mazinga ofiirawo ndi chala.

"Tsiku lija munapita ku Sinda," anatero, "anabwera kunyumba ndi kabotolo kopanda kanthu. Ndinamukalipira. Ndinati kyuteksi wodula chotere, wochokera ku Lusaka, wathera kuti ukwati usanafike? Anati, amayi, kumene ndikupita sapaka zimenezi, akuti madzi osamba popemphera sadutsa. Ndiye ndathira yense pa galimoto ya a Karimu."

Anaitembenuzanso bawuti ija. Ndinaganiza kuti wamaliza.

"Ndinamufunsa kuti wapenga kodi. Anaseka. Mukudziwa mmene ankasekera. Anati, ayi amayi, bawuti ija imavuta. Ndaimanga yoti isadzamasukenso, kuti atate akamabwera kudzandiona, galimoto isadzawachedwetse panjira."

Anandibwezera bawutiyo m'dzanja, n'kupinda zala zanga pamwamba pake. Kumsewu a Karimu anali atayala mkeka wawo pafupi ndi Pijo, akubweza swala imene anaiphonya chifukwa cha ife.